Kupulumutsa zojambula zakale za pa kompyuta za anyamata a mu Chipata: pomwe tafika

9 Malichi 2024, katoni ya ku Kapata

Ntchito iyi inayambira pa maliro. Mwezi watha tinaika mkulu wathu uja amene anatiphunzitsa ambiri a ife CorelDRAW, pulogalamu yojambulira pa kompyuta, mu kafe ina ya ku Down Shops nthawi ija Windows XP ikadali yatsopano, ndiye usiku tili pa moto kwa azibambo tinayamba kukumbutsana maposita ake, wina ati ija ya Nc'wala, mwambo wa Angoni, ya chishango ndi nthungo, wina ati kava ya CD ya kwaya ya kumpingo kwawo, mpaka wina anafunsa kuti kodi alipo amene ali nayo ngakhale imodzi? Zii. Tonse mafoni m'manja koma palibe olo mmodzi. Pulogalamu ya maliro ake tinachita kupangira pa foni ndi chithunzi cha pa reji, chitupa cha boma chija, munthu amene anapangira theka la tauni ino mapulogalamu a maliro.

Kwa amene simunalipo nthawi imeneyo, ife sitinali kalabu yolembetsa ayi, tinali chabe anyamata ndi atsikana owerengeka amene timasinthana mafulashi ndi mafonti kuyambira cha m'ma 2003 mpaka pomwe mafoni anatilanda ntchito. Makalenda, makadi a ukwati, maposita a kampeni ya 2006, 2008 ndi 2011, makava a ma CD, zikwangwani za magolosale, komanso zongosewera monga kuika mutu wa mnzako pa thupi la goloyi wa Chipolopolo. Mausi ndiyo inali pensulo yathu.

Lero ndinapita kukaona alamu, akazi a malemuyo, ku Kapata. Ananditulutsira katoni ya sopo pansi pa bedi nkuti "alamu tengani, ine ndimafuna kuwapatsa ana aziseweretsa". M'katimo muli mahadi disiki 4, ma CD ndi ma DVD amene nditawerenga anakwana 212, mafulope 17, ndi CPU imodzi yopanda chivundikiro. Makoswe anagonamo ndithu, fungo lake ndi umboni. Ndalama yatuluka lero ndi K40 ya wanjinga basi.

16 Malichi, utsi

Ndinapupuluma. Ndinangopukuta fumbi ndi bulashi ya penti nkulumikiza CPU ija ku malaiti kuti ndione ngati idzuke, kunangomveka thu! kenako kafungo ka waya wopsa. Pawa sapulayi yapita. Mwamwayi ndinali nditachotsa kale hadi disiki yake. Ndinagula ina ya salaula K250 ndi kabatire ka CR2032 ka pa bodi K25, inayaka mphindi ziwiri nkuzima yokha, nditayang'anitsitsa makapasita asanu pafupi ndi pulosesa atupa pamwamba ngati zitumbuwa. Ndaisiya. K275 imeneyo ndangotaya, chofunika si bokosi koma zomwe zili m'madisiki.

28 Malichi, adaputa yafika ndipo ndalakwitsa chachikulu

Madisiki atatu mwa anayi ndi a IDE, aja a mapini 40 ndi lamba wotambalala, laputopu ya masiku ano ilibe polowetsa. Muno ndinazungulira mashopu onse a mafoni ndi makompyuta osapeza adaputa, ena samadziwa nkomwe chomwe ndikunena, ndiye mphwanga wa ku Lusaka anandigulira ya USB yolandira IDE ndi SATA yomwe, yokhala ndi pulagi yakeyake ya magetsi, K450, kuonjezapo K100 ya pa basi. Musagule yopanda pulagi, disiki yaikulu ija imafuna 12 volts ndipo USB payokha siingaizungulitse.

Poyamba palibe disiki inaoneka. Ndinatuluka thukuta ola lathunthu ndisanakumbukire kajampa, kapulasitiki kakang'ono kakuda kumbuyo kuja, kanali pa slave chifukwa mkuluyo amamanga madisiki awiri pa lamba mmodzi. Nditakasunthira pa master disiki ya 80GB inatulukira.

Manje apa mvetserani. Windows inafunsa ngati ndikufuna kuti iunike ndi kukonza disikiyo, ine ndi chimwemwe changa ndinadina kuti inde. Inagaya mphindi makumi awiri, itamaliza foda yonse yolembedwa NCHITO 2007 inali itasowa, m'malo mwake mwabwera foda ya FOUND.000 yodzaza tizidutswa totchedwa FILE0001.CHK, FILE0002.CHK mpaka mazana angapo, zopanda maina zopanda madeti. Disiki yodwala siyenera kulembedwapo kalikonse, ndipo kukonza kuja ndi kulemba. Ine zimenezi ndimazidziwa, ndimauza anthu ena, koma chala chinathamanga kuposa mutu. Usiku umenewo nsima sinalowe.

Zina mwa zidutswazo ndazibweza pozitsegula chimodzichimodzi ndi kuona zilembo zoyambirira, fayilo ya CorelDRAW yakale imayamba ndi RIFF, ya Photoshop imayamba ndi 8BPS, ukaona choncho umangosintha dzina kumapeto. Koma maina amene mwini wake anapereka, amene akanatiuza kuti iyi inali ya ndani, apita.

13 Epulo, ddrescue ndi malaiti

Lamulo latsopano: disiki iliyonse ndiyambe ndaikopera yonse yathunthu kukhala fayilo imodzi, yeniyeniyo ndiibweze mu envulopu, zofufuza zonse zichitikire pa kope. Ndagula hadi disiki yakunja ya 2TB K2,300, ndiyo ndalama yaikulu pa ntchito yonseyi ndipo amayi a kunyumba anandiyang'ana kaye kawiri. Laputopu ndikuidzutsa ndi Linux ya pa fulashi chifukwa siithamangira kukonza zinthu usanaitume.

Pulogalamu yake ndi GNU ddrescue, yaulere. Ubwino wake imalemba kafayilo ka mapu kosonyeza pomwe yawerenga, pomwe yalephera ndi pomwe sinafike. Chaka chino cha 2024 mvula yatikana, madzi ku Kariba atsika, kuyambira Malichi malaiti akupita maola 8 pa tsiku, ndiye laputopu imatsala pa batire koma adaputa ija imazima pomwepo. Malaiti akabwera umangolemba lamulo lomwe lija ndi mapu omwe aja, iyo nkupitiliza pomwe inalekera. Pakanapanda mapu bwenzi ndikuyambiranso mpaka Khirisimasi. Ulendo woyamba ndimaika -n kuti itenge zosavuta mwamsanga osalimbana ndi malo owola, wachiwiri -r3 kuti ibwerere katatu pa malo ovutawo.

Ya 40GB inatha usiku umodzi yopanda vuto. Ya 160GB ya SATA chimodzimodzi. Ya 80GB ija ndinaivulaza inatenga masiku asanu, imatentha moti ndinaiika pa chivundikiro cha poto ndi kafani kotchaja pambali, pomaliza panatsala malo ochepa osawerengeka osakwana 30MB. Pa kope lakelo ndinayendetsa PhotoRec, pulogalamu yofufuza mafayilo otayika, inafukula mafayilo ambiri ngakhale amene anafufutidwa kalekale, koma nayonso imapereka maina ake a manambala m'mafoda a recup_dir, ndiye mulu wa zopanda maina wangokula.

Yachinayi, ya 20GB, yakale kuposa zonse, ikangolandira moto imalira kuti tcha, tcha, tcha. Ndinaizimitsa pa kulira kwachitatu. Wina anandiuza zoiika mu firiji, sindinayese, ndavulaza kale imodzi.

4 Meyi, ma CD

Dirayivu ya DVD ya USB, K550. Ma CD ndi ma DVD 212 aja ndinawatsuka ndi madzi ndi kadontho ka sopo wa mbale, kupukuta ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita kunja, osati mozungulira. Chimene ambiri sadziwa nchakuti pa CD yowotcha wekha zinthu zimakhala pafupi ndi kumwamba, pansi pa pomwe timalemba ndi maka paja, osati kunsi konyezimira. Kunsi kukakalika nthawi zambiri imawerengekabe, koma kumwamba kukasupuka basi kwatha. Ukaikweza ku dzuwa nkuona timabowo towala ngati denga la malata akale, dziwa kuti pamenepo palibe chotola. Ina mkuluyo analembapo ndi bolopeni modinikiza, UKWATI KATETE, ndipo mawu omwewo ndiwo anapha zomwe zinali mkati.

Zotsatira zake: 151 zawerengeka zonse, 38 mwa zigawo, 23 zakanika. Kwa zovuta ndimagwiritsanso ddrescue yomwe ija ndi -b 2048. Zambiri mwa zakanika ndi zija zotchipa zopanda dzina timagula pa mulu, zimene zinali m'mabokosi ake a pulasitiki zapulumuka pafupifupi zonse. Za mankhwala otsukira mano ndinayesa pa ziwiri zokalika, imodzi inatheka ina ayi, ndiye musandifunse ngati zimagwira.

Ma CD okwana 60 ndi nyimbo ndi mafilimu chabe, ndawaika padera. Mafulope ndilibe powerengera, adikire.

19 Meyi, fulashi yabodza

Ndimafuna kope lachiwiri loti likagone nyumba ina. Ndinagula fulashi yolembedwa 128GB pa kashopu kena K180, mtengo wokhawo unayenera kundichenjeza. Inalandira zonse bwinobwino osadandaula, mawa lake kutsegula mafayilo theka ndi ziro zokhazokha. Nditaiyeza ndi pulogalamu ya H2testw inapezeka kuti mkati ndi 8GB, zotsalazo imangolemba pamwamba pa zinzake. Wogulitsa ati ndaiononga ndine. Ndagula hadi disiki ya 1TB yogwirapo kale ntchito K900 kwa mnzathu wina wa gulu lomweli, ndaiyeza kaye yonse, ndipo ikukhala kwa mlongo wanga ku Kalongwezi. Foda iliyonse ndaipangira mndandanda wa SHA-256, manambala okhala ngati chidindo cha fayilo iliyonse, kuti ndikamakopera ndizidziwa ngati china chasintha panjira.

15 Juni, mafonti

Apa ndi pomwe ndakhalitsa. Mafayilo a CorelDRAW, otchedwa CDR, alipo opitilira 3,000 kuphatikiza aja oyamba ndi Backup_of_ amene CorelDRAW imapanga yokha, ndipo musawafufute amenewo, kangapo konse ndapeza kuti yeniyeni inafa koma bakapu ili moyo. Mapulogalamu ena ojambulira, Inkscape ndi LibreOffice Draw, amatsegula ambiri ndithu, koma zotuluka zake zinandiseketsa kenako zinandimvetsa chisoni. CorelDRAW ya nthawi imeneyo nthawi zambiri imasunga dzina la fonti chabe osati fontiyo, ndiye kompyuta ikaisowa imaikapo ina iliyonse, mawu nkutuluka kunja kwa pepala, mutu wa posita nkukwera pa nkhope ya mkwati.

Pali ina ya msonkhano wa chitsitsimutso imene inandiimitsa. Pamwamba pa mawu panali kachipewa kakang'ono kakuyandama pokha pamwamba pa chilembo cholakwika. Ndinadabwa kaye, kenako ndinakumbuka, mafonti okongoletsa aja analibe ŵ, ndiye mkuluyo amalemba w wamba nkujambula kachipewako ndi dzanja, timizere tiwiri, nkukakhazika pamwamba pa liwu loti maŵa. Fonti itasintha w anasuntha, kachipewa kanatsala pomwe anakasiya iye. Ndinamuona m'maso mwanga atawerama pa sikirini ija ya chimsana, lilime lili panja pang'ono monga amachitira akamalondola mzere.

Mafayilo amene anawasandutsa ma curves, kutanthauza zilembo kusanduka mizere yojambula yosafunanso fonti, asanapite nawo kokapulinta, Ctrl+Q uja amatikalipira tikaiwala, atuluka ndendende. Enawo mankhwala ake anali pafupi, m'kope la disiki ya 40GB muli foda ya WINDOWS ndipo mkati mwake muli Fonts, mafonti ake onse 900 ndi kanthu ali momwemo. Ndaika Windows XP mu VirtualBox, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ina mkati mwa laputopu, yopanda intaneti chifukwa XP inasiya kulandira zotchingira mu Epulo 2014 komanso madisikiwa adzaza mavayirasi a autorun ndi aja obisa mafoda nkusiya mashotikati, ndaikamo CorelDRAW 12 ya pa CD yake yomwe inali mu katoni, ndathiramo mafonti aja. Kachipewa kabwerera pa w wake.

Fayilo iliyonse manje ndikuisunga patatu: CDR yeniyeni osaikhudza, PDF ya ma curves, ndi PNG yoti aliyense aone pa foni. Pa tsiku la malaiti abwino ndimakwanitsa 40 kapena 50. Werengani nokha kuti ndidzamaliza liti.

20 Julayi, kukhala pansi ndi eni ake

Madeti a mafayilo ndi abodza. Batire ya pa bodi inafa kalekale ndipo mkuluyo sanasinthe, kompyuta ikazima imabwerera pa 1 Januwale 2002, ndiye mafayilo mazanamazana akuti anapangidwa tsiku limodzi lomwelo. Ndaphunzira kuwerenga chaka pa posita penipeni. Mtengo wa pa geti ukakhala K10,000 ndiye kuti ndi isanafike Januwale 2013 pomwe kwacha inadulidwa maziro atatu. Pakakhala chizindikiro cha Celtel ndi isanathe 2008, Zain ndi 2008 mpaka 2010, kenako Airtel. Nambala ya foni yaifupi ija yoyamba 097 isanakhale 0977 ndi ya 2007 kubwerera m'mbuyo. Chipolopolo itanyamula chikho ndi pambuyo pa 12 Febuluwale 2012, usiku uja wa ku Libreville tinagonjetsa Ivory Coast 8 kwa 7 pa mapenati, ndipo za sabata imeneyo zokha zilipo 64, aliyense amafuna sikipa.

Koma chaka sichikuuza kuti anajambula ndani. Disiki inali ya mkuluyo koma kompyuta timagwiritsa tonse. Ndiye Loweruka lapitali ndinaitana amene ndinawapeza, tinakumana asanu ndi awiri kunyumba kwanga, zakumwa ndi nyama yootcha K300, laputopu pa tebulo, ine ndi kope ndi bolopeni. Zimene zinachitika sindinaziyembekezere. Chithunzi chikangotuluka, pasanathe sekondi wina wakuwa kale kuti yanga iyo! Achemwali athu ena amene manje amasoka ku Saturday Market anazindikira zawo ndi mthunzi, ati ine mthunzi ndimaugwetsera kumanzere nthawi zonse chifukwa ndine wamanzere, tinayang'ana makadi khumi otsatizana ndipo zinalidi choncho. Wina amadziwika ndi utoto wa golide wochita kusefukira paliponse, anakana kuti si iye mpaka tonse tinamuloza. Tinapezanso maposita awiri a kampeni ya 2011, ina ya buluu ina yobiriwira, munthu mmodzi sabata imodzi, ngakhale nthambi za m'mbali ndi zomwezo anangosintha mtundu. Mwini wake ati ndale ndi zanu ine ndimafuna ya lendi.

Panali mkangano umodzi weniweni, pa chojambula cha ng'ombe yakuda ya ku Mtenguleni, kumene kumachitikira Nc'wala, ndi impi kumbuyo kwake, cholondoledwa ndi mausi mfundo ndi mfundo, awiri aliyense akuti ndi chake. Titatsegula mu XP muja tinapeza kuti ng'ombe ili pa gulu lake, anthu pa gulu lawo, kajambulidwe kosiyana, ng'ombe mizere yochepa yosalala, anthu timfundo tambirimbiri. Onse awiri amanena zoona, wina anayamba wina anamaliza, ndipo anali ataiwala. Ndalemba maina onse awiri.

Maola asanu tinakwanitsa zithunzi 340 chabe. Zomwe ananena ndazilowetsa mu sipuredishiti: nambala ya fayilo, chaka, wojambula, anaitanitsa ndani, ndi bokosi lina la nkhani, limene likudzaza msanga kuposa onse. Pa mulu uja wa CHK tabwezapo maina 52. Ena amangoti zikuoneka ngati za malemu, ndiye ndimalemba choncho ndi chizindikiro cha funso.

7 Sepitembala, zosayenera kuonetsa

Maganizo anga anali oti zonse zikakonzeka ndizikweze pa Internet Archive, malo osungirako zinthu zakale pa intaneti, chifukwa Facebook imafinya zithunzi ndipo CDR siingakhaleko. Sabata yatha pobwera ku Kulamba, mwambo wa Achewa ku Mkaika, ndinapatukira kwa amalume a mnzanga ku Katete kuti andithandize maina a magule pa zithunzi zimene mkuluyo amapangira makalenda. Za pabwalo anazitchula bwinobwino akuseka, uyu Chadzunda, uyu Maliya, uyu Kasiyamaliro. Titafika pa foda ina anangotseka laputopu ndi dzanja lawo. "Mwana wanga, izi wazionetsa kale kwa ndani?" Ndinati palibe amalume. Ati izi zinajambulidwa kudambwe, si za pabwalo, amene anajambula anali wolowa ndipo anadziwa chifukwa chake sanaziike pa kalenda iliyonse.

Ine ndine Mngoni, za kumeneko sindinalowe, ndikanazikweza osadziwa kanthu. Gule Wamkulu analengezedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 kuti ndi chuma cha chikhalidwe cha anthu onse ndipo zithunzi zake zili paliponse, ndiye mutu wanga unali woti chilichonse cha gule ndi choonetsa. Foda imeneyo ndaichotsa pa zokakweza, sindinaitsegulenso, ndipo amalume ati akambirana ndi akuluakulu anzawo kuti isungidwe ndi ndani kapena ifufutidwe. Yankho likhala lawo.

Zinanditsegula maso pa zinanso. M'madisiki a kafe muli mareji a anthu osikanidwa, masatifiketi a sukulu, makalata ofunsira ntchito, makadi a ukwati okhala ndi manambala a foni, maukwati ena anatha kale moipa. Zonsezo sizikwera. Mapulogalamu a maliro ndikweza chikuto chokha ngati abanja alola, ndipo kufunsako ndi ntchito ina payokha, pa mabanja asanu ndi limodzi amene ndafikako anayi alola, limodzi lakana, limodzi linandipempha kope chifukwa chithunzi cha agogo awo chimene chili pamenepo ndi chokhacho chatsala, chenicheni chinapsa ndi nyumba. Ndinakawapulintira pa pepala lolimba. Vuto lomwe sindinalithetse nlakuti makope athunthu a madisiki aja ali ndi zonsezi mkati, sungachotsemo kanthu osaononga kope, ndiye amenewo akhala otsekedwa ndi pasiwedi kwa ine ndi kwa mlongo wanga basi.

12 Okutobala, pomwe zili

Malaiti manje akubwera pakati pa usiku kwa maola owerengeka, ndimatchera alamu ya foni nkusiya switchi ya babu yoyatsa kuti indidzutse. Kutentha kwa mwezi uno nakonso laputopu ikuzima yokha masana. Mafayilo otembenuzidwa afika 1,180, okhala ndi dzina la wojambula 610, okonzeka kukwera 400 koma bandulo yake sindinaipeze, ndidikira mnzanga wa ku ofesi ina yokhala ndi intaneti yosawerengera. Ndalama zonse pamodzi ndi K120 ya maenvulopu ndi tepi yolembapo zakwana K5,215, mabandulo osawerengera. Anzathu awiri aponyapo K500 aliyense.

Mawu afalikira, dzulo wina wabweretsa thumba la Shoprite lodzaza ma CD ochokera ku Lundazi, wina ku Petauke akuti ali ndi CPU ziwiri za kafe yake yakale, ndamuuza kuti asaziyatse, asadine chilichonse, angomasula madisiki nkuwakulunga mu nsalu. Dirayivu ya mafulope mphwanga waipeza ku Lusaka, ibwera ndi basi ya Lachitatu.

Ya 20GB yolira ija ikadali mu envulopu pamwamba pa kabati. Alamu anandiuza kuti ndiyo inali mu kompyuta yake yoyamba, ndiye ngati posita ija ya Nc'wala ya chishango ndi nthungo ilipo penapake ndi momwemo, chifukwa m'madisiki atatu enawa ndi ma CD onse sindinaipeze. Ndafunsa mtengo kwa anthu otsegula madisiki ku Johannesburg, ndalama yomwe atchula ikuposa zonse ndaononga kufika lero. Tikumana Loweruka likubwerali kuti tione ngati tisonkhe.